Mwala wobiriwira pa chitsime cha amalume, tigulitse ng'ombe kapena tidikire?

Mphwa wa ku Petauke
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru tisanachite zopusa. Amalume anga amalima kumpoto kwa boma la Petauke, cha njira ya ku Sasare. Mwezi wa September amakumba chitsime kumunsi kwa munda, pomwe kaphiri kathera. Atafika ngati mamita anayi, piki inayamba kulira. Anatulutsa mwala woyera ngati nsangalabwi, koma wamawanga obiriwira ngati ndere, pena pake kabuluu. Atauswa, mkati muli tinthu tachikasu tonyezimira.

Nkhani sigona m'mudzi. Pasanathe masabata awiri kunafika amuna atatu pa galimoto, akuti ndi a migodi. Anasankha okha miyala isanu, n'kubweranso ndi pepala lonena kuti muli kopa 21 peresenti komanso golide. Tsopano akuti banja lisonkhe ndalama ya mapepala kuti tikhale nawo m'gulu. Amalume akufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri zolimira, mvula ili pakhomo. Ine ndili pa Chipata pano, tulo sindikutiona. Zithunzi ndi izo ndaikazo.

Mayi wa pa Kapata
Mwana wanga, geni ndaichita zaka zambiri pa msika pano. Munthu wobwera kudzagula katundu wako sayamba ndi kukupempha ndalama. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Uwauze amalume akowo ng'ombe asazikhudze.

Chimbuya wa ku Kasama
Inu a kum'mawa mwakumba mbewa zaka zonsezi, lero mwakumba mpaka mwapeza golide. Pitirizani, mwina mupezanso mafuta a galimoto.

Mayi wa pa Kapata
Iwe kadye anyani ako uko, pano tikukamba za chuma.

Madala wa ku Mufulira
Ndagwira pansi pa nthaka ku Mufulira mpaka tsitsi kuyera, tsopano ndikulima mpendadzuwa ku Sinda. Chobiriwiracho ndikuchidziwa ngati chikhatho changa, ndi malachite, ndipo kabuluuko ndi azurite. Ameneyo ndi kopa, palibe kukangana. Ukafuna umboni wa pakhomo, sinja kachidutswa, uike m'kabotolo ka galasi, udonthezere madzi a batire ya galimoto pang'ono. Uona thovu, madziwo asanduka abuluu. Ndiye uviikemo msomali wokwecha bwino. Pakapita kanthawi msomali uja uvala chikhoto chofiirira ngati waya wa magetsi. Koma maso usamale, ndipo ana akhale kutali.

Za chachikasucho ndiye ndikukayika. Anyamata ambiri alira nacho chimenecho.

Mphwa wa ku Petauke
Zikomo madala. Ndiye kuti pepala lija likunena zoona? Ngati ndi kopa weniweni, 21 peresenti si chuma chimenecho?

Mlongo wa ku Solwezi
Moni nonse. Ine kwathu ndi ku Katete koma ntchito ndimagwira kuno, yoyeza miyala yotuluka m'mabowo a dirilu. Achimwene, pepalalo likhoza kunena zoona za miyala isanu ija, koma osanena kanthu za munda wa amalume. Malachite payekha amakhala ndi kopa woposa theka la kulemera kwake, pafupifupi 57 peresenti. Ine mutandipatsa mulu wa miyala n'kundiuza kuti ndisankhe isanu yobiriwira kwambiri, labu ipereka nambala yokongola tsiku lililonse. Zili ngati kusankha zitsononkho zisanu zazikulu m'munda wonse n'kumauza anthu kuti nkhokwe idzadzaza.

Migodi ikuluikulu ya kuno ku North-Western imakumba miyala ya kopa wochepera 1 peresenti, ndipo imapindula. Imapindula chifukwa mwalawo ulipo matani mamiliyoni mazanamazana. Funso si lakuti mwala uwu ndi wonona bwanji. Funso ndi lakuti ulipo wochuluka bwanji, ukulowera kuti, ndipo ukakhala pansi ukusanduka chiyani.

Ndiloleni ndifotokoze momwe kopa ndi golide amapezekera malo amodzi, chifukwa mukamvetsa apa, amuna aja sangakupusitseni.

Mapiri athu a ku Chipata, Katete, Sinda mpaka Petauke ndi miyala yakale zedi, granite ndi gneiss, yambiri ya zaka pafupifupi 1 biliyoni. Inapangidwira pansi kwambiri, pomwe kumatentha ndipo miyala imafinyika mpaka kupindika. Pofinyikapo imang'aluka. M'ming'alu imeneyo munkadutsa madzi otentha koopsa, amchere, atasungunula kopa, chitsulo, sulufule, golide pang'ono ndi silica wambiri. Madziwo akakwera n'kuyamba kuzizira, amatula katundu wawo m'mbali mwa mng'alu. Amene munakhalako ku Lusaka mukudziwa momwe ketulo imachitira chikhakha choyera mkati chifukwa cha madzi a kumeneko. Ndi zomwezo, kungoti apa zinatenga nthawi yaitali mpaka mng'alu wonse kutsekeka. Mwala woyera uja, quartz, ndiye chikhakha chimenecho. Ife timautcha mtsempha. Kopa amakhala mmenemo atagwirana ndi chitsulo ndi sulufule, dzina lake chalcopyrite, wachikasu ngati mkuwa wa belu. Golide amabisala momwemo, nthawi zambiri tinjere tosaoneka ndi maso.

Aphunzitsi opuma
Mayi, nanga kubiriwirako kwachokera kuti ngati kopa wake ndi wachikasu?

Mlongo wa ku Solwezi
Aphunzitsi, apo ndi pomwe pagona nkhani. Miyala ya pamwamba ija inakokoloka m'kupita kwa zaka, mtsempha n'kufika poyera. Mvula ndi mpweya zikakumana ndi miyala ya sulufule, imachita dzimbiri ngati khasu losiyidwa padambo. Chitsulo chimatsala pamwamba, chofiira, chokhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi. Kopa amasungunuka n'kutsika ndi madzi, ndipo akakumana ndi carbonate, monga wa m'miyala ya laimu, amagwa n'kusanduka wobiriwira uja. Kabiriwidwe kameneka kamanamiza, chifukwa kopa wochepa chabe amatha kupaka thanthwe lonse utoto. Cha pomwe madzi apansi amalekezera pamakhala kagawo kena konona kwambiri, popeza kopa wotsika kuchokera pamwamba amaunjikana pamenepo. Ukapyola pamenepo umafika pa mwala wosavunda, ndipo nambala zimatha kugwa kwambiri.

Golide yekha sachita dzimbiri. Amangotsala m'dothi lofiira lija, kapena mvula imamukokolera kumtsinje, n'kukakhala pansi pa mchenga chifukwa cha kulemera. N'chifukwa chake anthu amayamba kumupeza m'khwawa, mtsempha wake uli kumtunda.

Ndiye chitsime cha mamita anayi chili mkati mwenimweni mwa gawo lonamizalo.

Madala wa ku Mufulira
Mwana uyu akunena zoona. Ndipo muonjezepo kuti kwathu ku Copperbelt ndi kosiyana. Kumeneko kopa anagona m'miyala yoyalana ngati mphasa, yomwe kale inali matope ndi mchenga wa pansi pa madzi. Umatsata mphasa imodzi makilomita angapo osaitaya. Mtsempha wa quartz suchita choncho. Lero ndi wotakata ngati chitseko, ukakumba mamita khumi watsala ngati chala, kenako wasowa. Uli ngati nsato yomeza kalulu, pakati potupa, kwina konse kowonda.

Mnyamata wa ku Vubwi
Inu ophunzira mumakonda kutigwetsa mphwayi. Ife kuno tikusefa golide ndi beseni ndipo anthu amanga nyumba za malata, ena agula njinga zamoto. Palibe anabwera ndi dirilu. Mukanakhala inu mukanati dikirani zaka khumi.

Mlongo wa ku Solwezi
Achimwene, sindikutsutsa. Golide ku Vubwi aliko, ku Lundazi ndi ku Petauke aliko. Ku Sasare komweko azungu anakumba golide zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndi umodzi mwa migodi yakale kwambiri m'dziko muno. Munthu wa beseni ndi fosholo amatha kudya pa malo oti kampani singawayang'ane kawiri, chifukwa iye sagula makina. Koma inuyo simunagulitse ng'ombe kuti mupatse mlendo. Munatenga beseni la kunyumba n'kupita kumtsinje. Izo ndi nkhani ziwiri.

Komanso kopa sasefedwa ndi beseni. Amafuna kuphwanya miyala yambiri, asidi kapena makina oyandamitsa, magetsi, ndi msewu woti malole adutse.

Mphwa wa ku Petauke
Alongo, nanga tonyezimira tija tingadziwe bwanji ngati ndi golide? Amalume akuti usiku akaunika ndi tochi ya foni timawala ngati nyenyezi.

Mlongo wa ku Solwezi
Kuwala ngati nyenyezi n'komwe kukundikayikitsa. Golide sathwanima, amakhala wachikasu mofatsa, ndipo mtundu wake susintha ngakhale umutembenuze kapena umuike pamthunzi. Auzeni achite zitatu izi. Atokose kanjere ndi singano. Golide ndi wofewa, amabooka kapena kupindika. Pyrite, mwala wachikasu wonamizira golide, ndi wolimba, singano imangoterereka, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi makona ngati kabokosi. Kenako aike kanjereko pa nkhwangwa n'kukamenya ndi hamala. Golide amaphwatalala ngati chitsekerero cha botolo chopondedwa ndi galimoto, pomwe pyrite ndi chalcopyrite amanyenyeka n'kukhala ufa wakuda. Chomaliza, asinje mwala mumtondo wachitsulo n'kusefa m'beseni. Golide amalemera kuposa madzi ka 19, pyrite ka 5, quartz osafika ka 3. Golide amakakamira pansi pa beseni, kumbuyo kwa mchenga wakuda. Tija timauluka m'madzi ngati mamba a usipa ndi mica, tilibe ntchito.

Koma dziwani kuti ngakhale zonse zitanyenyeka, sindiye kuti golide mulibe. Ndikupatseni chithunzi. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Mwala wokhala ndi magalamu awiri a golide pa tani, migodi yambiri imaukumba mosangalala. Magalamu awiri a golide mutawaumba pamodzi safika kukula kwa njere imodzi ya chimanga. Tsono njere imeneyo muipere, muimwaze m'matumba 20 a miyala. Mungaione ndi tochi? Ndi labu yokha, posungunula sampulo pamoto, yomwe ingakuuzeni.

Mnyamata wa ku Vubwi
Kapena mercury. Amagwira ngakhale wosaonekayo.

Nesi wa ku Chadiza
Ayi, apo pokha ndilowererepo. Mercury ameneyo mukamamuotcha pa supuni kuti golide atsale, utsi wake mumaupuma inu, mkazi wanu ndi mwana ali kumsana. Sununkha, koma umakakhala mu ubongo ndi mu impso. Manja amayamba kunjenjemera, munthu kuiwalaiwala, kupsa mtima kosadziwika bwino. Wotayikira mumtsinje amalowa mu nsomba. Ku Minamata ku Japan, matenda a mercury anadziwika mu 1956, anthu atadya nsomba za m'madzi omwe fakitale imatayiramo zoipa, ndipo ana ankabadwa olumala. Pangano la maiko lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury analitcha dzina la tauni yomweyo. Musamuotchere m'khitchini chonde.

Mnyamata wa ku Vubwi
Amayi, tamva. Koma mutipatse njira ina, osangoletsa. Njala nayo imanjenjemeretsa manja.

Madala wa ku Mufulira
Njira ina ndi kusefa modekha pa thabwa lopendekeka loyala chiguduli, kawiri katatu. Koma chomwe chimandiopsa ine kuposa mercury ndi maenje anuwo. Mumakumba molunjika m'dothi lovunda, opanda mitengo yochirikiza, kenako mumayamba kupinda cham'mbali kutsata mtsempha. December akafika dothi limamwa madzi n'kulemera. Ife pansi tisanayambe ntchito timagogoda denga ndi chitsulo. Likalira ngati belu ndi lolimba, likalira ngati ng'oma yong'ambika, tulukani. Dothi lofiira silichenjeza n'komwe.

Aphunzitsi opuma
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine za miyala sindidziwa, koma mbiri ndinaphunzitsa zaka zambiri, ndipo mphekesera ya golide si yachilendo kuno kwathu. Carl Wiese, Mjeremani wogula minyanga, anakhala kwa Mpezeni n'kutenga chilolezo cha malo aakulu zedi. Chilolezocho chinagwera m'manja mwa North Charterland Exploration Company, yomwe inakhazikitsidwa mu 1895. Ku London anthu anagula masheya pokhulupirira kuti dziko la Angoni ladzaza golide. Mu January 1898 asilikali anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi mfuti zazikulu, Angoni anagonja, Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaomberedwa mu February, ndipo ng'ombe zinatengedwa zikwizikwi. Tauni ino ya Chipata, yomwe inkatchedwa Fort Jameson, inabadwa pa nkhondo imeneyo. Golide wambiri uja sanampeze, kampaniyo inathera kugawa malo a mafamu a fodya. Tikamavina ku Mtenguleni pa Nc'wala tizikumbukanso kuti nthawi ijanso zomwe zinapita ndi ng'ombe.

Chimbuya wa ku Kasama
Aphunzitsi mwandikhudza, ndasiya nthabwala kwa mphindi zisanu.

Mphwa wa ku Petauke
Ndiye kampani yeniyeni ikanabwera ikanachita chiyani? Ndikufuna ndikawafunse amuna aja mafunso oti achite nawo chibwibwi.

Mlongo wa ku Solwezi
Poyamba afunseni nambala ya laisensi yawo. Miyala ya pansi pa nthaka m'Zambia muno, mwa lamulo, ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, osati mwini munda. Malaisensi amalembedwa ku Mining Cadastre ku Lusaka, ndipo mapu ake ali pa intaneti, aliyense atha kuona kuti dera lakutilakuti lili ndi ndani. Mwina mupeza kuti munda wa amalume uli kale mkati mwa laisensi ya ena. Afunseninso ngati anapita kwa mfumu, ndi ngati a ZEMA, bungwe loteteza chilengedwe, akudziwa. Ofufuza enieni sasonkhetsa anthu a m'mudzi, iwo ndiwo amalipira akaononga mbewu.

Ntchito yake imayenda chonchi. Timayamba kuyenda pansi ndi hamala ndi kampasi, kulemba mtundu wa mwala uliwonse ndi komwe wapendekera. Kenako timatenga dothi m'mizere, mwina mamita 50 kapena 100 aliwonse, timatumba mazanamazana. Nthawi zina timatapa pa chulu, chifukwa chiswe chimatulutsa dothi la pansi, chinatikumbira kale kwaulere. Zomera nazo zimanena. Ku Copperbelt akale ankayang'ana malo oti mitengo yakana kumera pakati pa nkhalango, ndi kaduwa kena komwe kamakonda dothi la kopa. Timayezanso mphamvu ya maginito ya miyala, pansi kapena pa ndege. Cha ku Sasare zimenezi zili ndi ntchito, chifukwa ofufuza akhala akuyang'anako mtundu wa kopa ndi golide woyenda ndi miyala ya chitsulo, hematite ndi magnetite. Mgodi wotchuka wa mtundu umenewu ndi Olympic Dam ku Australia, womwe unapezeka mu 1975 uli wokwiririka mamita oposa 300, pamwamba popanda ngakhale kamwala kobiriwira.

Zikalonjeza, timakumba ngalande modula mtsempha, osati moutsata. Sampulo timatema mzere wowongoka mita ndi mita, wokongola ndi wonyansa womwe, osasankha. Pomaliza ndiye dirilu, yotulutsa mwala wobulungira ngati mpini wa khasu, mamita mazana. Timaudula pakati, theka ku labu, theka kusunga. M'matumba opita ku labu timasakanizamo ena a mwala wopanda kanthu ndi ena odziwika kale nambala yake, kuti tione ngati labuyo ikunama. Zonsezi zimadya zaka ndi ndalama zoopsa, ndipo malo ambiri amathera pa ngalande.

Aphunzitsi opuma
Mpaka kuyesa labu yomwe? Simukhulupirirana?

Mlongo wa ku Solwezi
Tinaphunzira mowawa, aphunzitsi. Mu 1997 kampani ya ku Canada yotchedwa Bre-X inagwa itadziwika kuti sampulo za ku Busang ku Indonesia ankazithira golide wochokera kwina. Anthu ophunzira, mabanki, onse anapusitsidwa. Ngati zinatheka kumeneko, kuli bwanji miyala isanu yomwe inayenda m'galimoto ya anthu osawadziwa?

Mayi wa pa Kapata
Ndimanena ine. Ngakhale thumba la nyemba, pamwamba amaika zosankha.

Madala wa ku Mufulira
Koma tisamutayitse mtima mnyamatayu. Migodi ina inayambadi ndi mwala wobiriwira. Kansanshi, komwe kuli mlongo wathuyu, George Grey anafikako mu 1899 n'kupeza maenje akale omwe makolo ankakumbamo malachite ndi kusungunula kopa. Lero ndi mgodi waukulu wa kopa ndi golide, ndipo nawonso ndi wa mitsempha. Mwala wa amalume akowo usautaye. Ng'ombe zokha ndizo usataye.

Mphwa wa ku Petauke
Ndabwerako dzulo, ndinakwera basi Loweruka m'mawa. Tinachita zonse munanena. Kanjere kachikasu titakamenya pa nkhwangwa kananyenyeka, ufa wake wakuda mobiriwirako. Amalume anakhala chete nthawi yaitali. Koma msomali unafiira ndithu monga ananenera madala, mpaka ana a m'mudzi kuyamba kubweretsa misomali yawo. M'beseni pansi panatsala mchenga wakuda womata ku maginito a sipika yakale, ndipo azakhali akulumbira kuti anaona kadontho kamodzi kachikasu, ine sindinakaone.

Amuna aja ndinawaimbira, n'kufunsa nambala ya laisensi ndi dzina la labu. Anati atumiza pa WhatsApp madzulo. Mpaka pano foni ikungoitana.

Ng'ombe zilipo, dzulo lomwelo zinali pa goli. Koma pabuka nkhani ina. Azakhali akuti iwo zawo ndi madzi, chitsime chimalizidwe basi, atopa kutunga kudambo. Kodi madzi otuluka pa mwala wotere ndi abwino kumwa?

Nesi wa ku Chadiza
Musamwe musanayezetse. Pitani kwa a zaumoyo pa boma akuuzeni koyezetsa. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa kopa kapena poizoni wotchedwa arsenic.

Mlongo wa ku Solwezi
Anesi anena zoona, miyala ya sulufule imatha kuwawasitsa madzi, ndipo arsenic amakonda kuyenda ndi mitsempha ya golide. Kukanakhala kwathu ndikanakumba china chapatali, cha kumtunda kwa mtsemphawo, ichi n'kuchivindikira ndi mitengo kuti mbuzi ndi ana asagweremo.

Musanavindikire, achimwene, ndichitireni ichi. Wina atsike ndi chingwe m'chiuno, anthu awiri ali pamwamba, ndipo mvula isanagwe. Ayeze kutakata kwa mwala woyerawo ndi tepi, aone kuti walowera cha kuti, kotulukira dzuwa kapena kumpoto, ndipo wapendekera mbali iti. Ateme mzere wopingasa kuchokera mbali ina mpaka ina, zonse zogwa azitolere pa saka, osasankha, makilogalamu awiri akwana. Mutengenso thumba lina la mwala wa m'mbali, wosabiriwirawo. Mulembe manambala ndi pentopeni kunja kwa thumba, kapepala kena mkati. Ndikubwera ku Katete pa Khirisimasi, ndidzawatenga ndekha.

Mphwa wa ku Petauke
Zikomo alongo. Tepi ndibwereka kwa atelala a pafupi ndi kwathu, ya mita imodzi ndi theka ija. Ikwana?

Mlongo wa ku Solwezi
Ikapanda kukwana mundiimbire usiku womwewo.